Timbale ta Tithokoze

Tengani, Nsanje
14 Okutobala 2024

Okondedwa alongo anga a Geresomo,

Mwandilakwira. Anakutumani ndani kukauza Tithokoze za maso angawa? Dzulo waimba kuchokera ku Ulayako, akuti asiya sukulu adzandisamale. Mwana ndamubereka ndine, ndipo sindinamuitane.

Akulemba ndi Esinala, mnansi wanga, mawu ndi anga. Sukulu sindinapondeko, koma ntchito ya mwanayu ndikuidziwa kuposa inu, chifukwa ine ndimamvetsera. Amasakaniza ufa woyera wonga dothi ndi mchere wina wosadyedwa, n'kupsinja kambale ngati batani, n'kukawotcha. Kenako amayeza mmene mphamvu ikudutsira m'kati mwake. Akuti timbaleti ndiye mtima wa makina opanga magetsi kuchokera ku mpweya. Timbale takale tinkafuna moto woopsa, koma mchere umatsegula tinjira, moto wapakati n'kukwanira. Ukachepa mchere mphamvu imayenda ngati ng'ombe yotopa, ukachuluka kambale kamafooka. Ndinamulangiza asinjiremo phale, monga ndinkachitira poumba mitsuko. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti sizitheka. Ndinamukhululukira.

Zaka zonsezi timbaleti takhala tikumung'alukira. Tsopano akuti kamodzi kapirira, mphamvu ikudutsa bwino, kwatsala kubwereza kuti aphunzitsi ake akhulupirire. Ndiye aphule mphika usanapse chifukwa cha ng'ala ya nkhalamba?

Mapira ndinakolola ndekha. Kuchigayo ndimapita ndekha, kungoti Esinala amakonda kuyenda kutsogolo kwanga. Zoti ndinagwera m'ngalande ndi zoona, koma ngalandeyo anaikumba pamalo olakwika.

Kambale kosweka kamene anandisiyira atabwera kutchuthi kali pamfundo ya chitenje changa. Kukaona sindikukaonanso, ndimangokasisita ndi chala. Atanena pafoni kuti, "Amayi, ndikubwera," mtima unavomera pakamwa pasanakane. Esinala, zimenezo usalembe. Akuti walemba kale.

Mwakhala mukundikakamiza za mpeni wa madokotala, ine ndikukana kuti diso langa si nsomba yoti aitumbule. Ndikuopabe. Koma ndavomera.

Moni kwa alamu ndi ana. Kwa Tithokoze musapereke moni wanga wachisoni, mungonena kuti kuno kukutentha kuposa ng'anjo yake.

A Geresomo, muimbireni lero lomwe, mumuuze akhale komweko amalize. Mukatero mukwere minibasi mudzanditenge nokha, tipite kuchipatala ku Blantyre. Kambale kamoyoko ndikufuna ndidzakaone ndi maso.

Ndine mlongo wanu wamkulu,
Dyna