Mukamuyeze Takondwa pa Sikelo ya Nandolo

Durban,
Mwezi wa Okutobala.

Okondedwa achemwali anga a Claudia,

Landirani moni wanga wochokera kutali kuno. Kodi muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga mayi, mwendo uja ukuwalola kufika kumunda? Ine kuno ndili bwino, ndipo ulendo uno sindikunena mongokusangalatsani ayi. Kalatayi ndapatsira Samueli wakwathu uja, amene akukwera basi Lachisanu. Pafoni timangothamangitsana ndi mayunitsi, ndiye ndati nkhani iyi ndichite kulemba.

Ntchito ndikadali pomwe paja, kusamalira maluwa ndi kapinga panyumba yogona alendo. Mvula kuno yayambanso, ndipo chipinda changa chikudonthabe pakona. Eni nyumba amangoti akonza mawa, ine ndinangotcherapo ndowa.

Nkhani yeniyeni ndi ya msana. Mukukumbukira pa Khirisimasi paja nditatsika minibasi pa Nkando, mwana wanga Takondwa anandithamangira manja ali m'mwamba kuti ndimunyamule. Nditangowerama pang'ono msana unandigwira, ndinangomusisita kumutu. Inu munamunyengerera kuti bambo ake atopa ndi ulendo, koma ine ndinaona mmene anatsitsira manja aja. Mwana woti mayi ake anamwalira iye ali wakhanda, n'kudzapezekanso kuti bambo ake akulephera kumukweza m'mwamba. Masiku onse amene ndinakhala kumudziko sanayesenso. Zimenezi zandiwawa chaka chonse kuposa msana weniweniwo.

Kumene ndinautenga msana umenewu mukukudziwa, ndi zaka zija ine ndi mnzanga Moffat tinkatsitsa matabwa pamutu kuchokera kuphiri ku Chambe. Kuchipatala kuno anandipatsa mapiritsi n'kundilangiza kuti ndiyese yoga, masewera owongola ndi kufewetsa thupi pang'onopang'ono. Ine ndinachita manyazi kukagona pansi pakati pa anthu osawadziwa, choncho ndinagula buku lakale pamsika, lodzaza ndi zithunzi. Chizungu chake chinali chozama, changa cha Sitandade 8 sichinafikeko, ndiye ndinkangotsata zithunzizo.

Apa ndi pamene mudzaseke. Ku Chambe munthu ukamasenza umakoka mpweya, kuutsekera m'chifuwa, kuluma mano, ndipo ululu suusamala mpaka utakatula ku Likhubula. Nzeru yomweyo ndi imene ndinalowa nayo m'bukumo. Chithunzi chikaonetsa munthu mphumi itagunda mawondo, ine ndinkadzikoka tsiku lomwelo mpaka m'maso kuchita mdima. Ndinkaganiza kuti kupweteka ndiye umboni woti zikugwira ntchito.

Kenako ndinapeza tsamba la munthu ataima ndi mutu, miyendo ili m'mwamba. Ndinaona kuti apa ndiye pafika pakwathu, poti mutu umene unasenza matabwa zaka zonse zija sungalephere kusenza mwini wake. Ndinapinda thaulo ngati nkhata n'kuyesa. Ndinakagwera pa ndowa ija, madzi ponseponse. Khosi linauma, munthu akandiitana ndinkatembenuka thupi lonse ngati mayi wosenza mtsuko. Abwana anandiuza mosabisa kuti ngati thupi lakana, afuna munthu wina.

Nditabwerera kuchipatala, namwino anaseka mpaka misozi, kenako anandilozera holo ina pafupi pomwepo kumene amaphunzitsa yoga Loweruka m'mawa. Mphunzitsi wake ndi mayi wachimwenye, wa imvi mbuu, wamfupi kuposa inu. Ndinawaonetsa buku langa monyadira. Sananyoze ayi. Anandiuza kuti ndigone chagada, anaika bukulo pamimba panga, n'kunena kuti akungofuna kuliona likukwera ndi kutsika. Achemwali, bukulo silinasunthe. Mpweya wanga wonse unkathera m'chifuwa. Munthu wa ndevu zanga, tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti kupuma sindinkakutha.

Masabata oyamba anzanga akupinda matupi, ine ntchito yanga inali kugona ndi kupuma, buku lili pamimba. Zinandikwiyitsa, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya. Koma mayiwo anandifotokozera kuti buku ndi labwino, kungoti lilibe maso. Silingaone kuti phewa langa lakumanja ndi lotsika kuposa linzake, ndiponso silingandiuze kuti apa lekeza. Anati ululu wobaya ukabwera ndiziima pomwepo. Kwa munthu wa ku Chambe, lamulo limeneli linali lovuta kuposa onse.

Tsopano imvani. Ndikumanga zingwe za nsapato popanda kufuna mpando. Ndikukhala monjuta pozula udzu m'maluwa, n'kudzuka osagwira khoma. Mapiritsi aja atsala m'botolo, ndipo abwana nkhani yofuna munthu wina anaisiya. Zala za kumapazi sindinazifikebe, pamatsala kadanga, koma sizikundidetsa nkhawa. Pali masewera ena oima ndi mwendo umodzi, amenewo ndiye anga. Mapazi amene anazolowera miyala yoterera ya m'phiri sagwedezeka, moti Loweruka lathali mayi aja anandiika kutsogolo kuti atsopano aziyang'ana ine. Ndinanyada, sindikubisirani. Ndinalakalaka Moffat atasuzumira pawindo.

Bukulo sindinataye. Madzulo ndimaliwerenga kuti ndikumbukire zimene taphunzira, ndipo tsopano likumveka, poti thupi linayamba lamva. Tsamba la woima ndi mutu lija ndinalipinda. Mayiwo akuti limenelo si la khosi langa, ndipo ndavomera.

Samueli wandiuza kuti mayi anamva za yogayi ndipo akuda nkhawa, akuti mwina ndalowa chipembedzo china. Muwauze kuti mtima ukhale pansi. Kumeneko kulibe chimene timapembedza, timangoyala timphasa n'kumawongola misana. Lamulungu ku Misa ndikupita, ndipo masiku ano ndikutha kugwada mpaka wansembe atamaliza.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo musandiseke kwambiri. Aphunzitsi anga ndinawauza za Takondwa. Anandiphunzitsa kanyamulidwe koyenera, kupinda mawondo, msana uli chilili, n'kutulutsa mpweya podzuka m'malo moutsekera. Ndikuyeserera ndi matumba a manyowa kuntchito, ndinayamba ndi aang'ono. Vuto ndi lakuti sindikudziwa kuti mwanayo akulemera bwanji tsopano, poti kusikelo ya ana anasiya kupita kalekale. Chonde tsiku la msika mupite naye pa Nkando kwa anyamata ogula nandolo aja, mukamukoleke pa sikelo yawo ndi chitenje. Masikelo awo mukuwadziwa kuti amadya, ndiye zimene zikatulukepo mukawonjezerepo makilo awiri. Mudzanditumizire pafoni kuti ndidziwe thumba loti ndifikepo Disembala asanakwane.

Mundiperekere moni kwa mayi, kwa alamu, kwa amalume ku Milonde, kwa azakhali a Lettie ndi ana onse. Moffat mumuuze kuti khosi ndi limodzi, ndikabwera ndidzamugoneka chagada n'kumuika buku pamimba. Zikomo chifukwa chondilerera mwana ngati wanu, Mulungu yekha ndiye adzakubwezereni.

Takondwa musamuuze chifukwa chimene mukumuyezera. Mudzangobwera naye pa Nkando tsiku limene ndidzafike. Chimene chimandiopsa n'chakuti mwina sadzakwezanso manja aja. Akadzapanda kukweza musadzamukakamize. Ndidzawerama ndine, poti tsopano ndikutha.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Dominiko