Nthungululu pa Bwalo la Tenisi

Lachitatu madzulo. Tsiku lokoma, ngakhale mawu andithera.

Colette wapambana! Ndi mtsikana wa ku Canada amene akugona m'chipinda chathu cha alendo sabata ino. Wakhala zaka zambiri akuzungulira m'mipikisano ing'onoing'ono yosaoneka pa TV, yekhayekha, wopanda kochi. Dzulo, akumanga bondo lake kukhitchini, anandiuza kuti akagonja lero abwerera kwawo, za tenisi zithere pomwepo.

Nditaweruka kuchipatala ndinakwera basi m'dera la Handsworth kukamuonera. Oonerera tinalipo ochepa, onse ali zii ngati pamaliro. Palibe anandiuza kuti tenisi amaonera choncho. Atamenya mpira wina wa mphezi, ine dzambatu, nthungululu! Woimbira ananditembenukira, azungu nawonso. Manyazi anandigwira, koma Colette anaseka, ndipo kuyambira pamenepo dzanja lake linamasuka.

Atamaliza anandithamangira, thukuta lili kamukamu.

"Anti, chibwerereni kuno ku Ulaya palibe anandichemererapo. Mawa mubwerenso!"

Ndinavomera osaganiza. Koma mawa ndili pa shifiti ya tsiku lonse. Ndawaimbira Mai Phiri, anzanga a kuntchito, kuti tisinthane, sakuyankha. Akakana, kaya ndimuuza chiyani mwanayu...