Mawu a pa Mwala wa Amayi

Kuno kunyumba,
14 Ogasiti.

Okondedwa achemwali anga akutali,

Landirani moni wa m'mawa uno. Kuno tadzuka, ana apita kusukulu, wamng'ono uja chifuwa chinamusiya. Dzanja mukuliwonali si langa, mukudziwa kuti langa likagwira cholembera limayenda ngati nkhuku yoponda matope. Akulemba ndi mlamu wanu, mayi a ana angawa, ine ndikungolankhula. Ndawauza kuti alembe chilichonse chotuluka pakamwa panga, asakonze, chifukwa akayamba kukonza ine ndiyambanso kunama.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti pa mwala wa pamanda pa amayi tilembepo mawu awo omaliza, aja ndinakuuzani pafoni akuti, "Ana anga andisunga, ndikupita mtima uli m'malo." Mmisiri wa miyala wandiimbira kawiri, akuti chitsulo chili m'manja. Ndamuuza adikire. Achemwali, mawu amenewo asasemedwe musanawerenge kalata ino mpaka pansi. Pafoni ndayesa katatu kukuuzani, koma mukangoti "halo achimwene" ndimayamba kukamba za mvula.

Ndiyambire pati? Ndiyambire pa galimoto.

Kwa bwana ndayendetsa zaka 22, mukudziwa. Chaka chatha anaitanitsa galimoto yamagetsi, ija yosamwa mafuta, yongotchaja ngati foni. Sanali okha. Ali ndi kagulu kawo, adokotala a mano, mayi aloya, ndi ena angapo. Loweruka lililonse m'mawa amakumana kuseri kwa sitolo yaikulu, pamene pali mizati inayi yotchajira. Anayamba kukumana galimoto zisanabwere n'komwe, kumangomwa khofi n'kumaonetsana zithunzi pafoni ngati amayi oyembekezera ali kusikelo. Ine ndinkaima chapatali ndi nsanza yanga yopukutira, makutu ali tcheru.

"Yanu ili pati, akulu?"

"Ili m'sitima, pakati pa nyanja."

"Yanga akuti yafika padoko, angotsala mapepala."

"Mapepala? Ndiye mudikira mpaka imvi!"

Mayi aloya ankafuna yofiira, anawauza kuti yofiira adikire miyezi ina iwiri. Iwo anati adikira, galimoto yotuwa ngati phulusa sangakwere.

Tsiku lina anakangana za batire. Alipo awiri, lalikulu ndi laling'ono. Adokotala anati, "Akulu, tengani lalikulu, mudzandithokoza." Bwana anaseka. "Lalikulu akuti miyezi ina isanu. Ndife ndisanaikwere? Laling'ono lomweli pepala likuti makilomita 400. Ndikupita kuti ine, kumwezi?" M'malo mwake anasankha denga lagalasi ndi mipando yotenthetsa matako. Lembani matako, mayi, musandiyang'ane, awa ndi achemwali anga.

Inabwera pa lole, yokutidwa mapulasitiki ngati mkwatibwi. Mtsikana wogulitsa anakhala ndi bwana m'katimo pafupifupi ola lathunthu, kuwalongosolera mabatani m'Chingerezi. Ine nthawi imeneyo ndinali nditagwada kumbuyo, ndikumanga nambala. Atatha, bwana anandiponyera kiyi. "Iwe ndi katswiri, galimoto ndi galimoto." Ndinamva kukoma. Kufunsa ndinachita manyazi, munthu wa zaka 22 pa chiwongolero kumafunsa mtsikana? Ndinangotenga chigubu changa cha petulo, chija sindiyenda popanda icho, n'kuchiika m'buti. Loweruka lotsatira akagulu aja atachiona anaseka mpaka adokotala anatsamwa khofi. "Madala, mukaithira pati, m'khutu?" Ine ndinasekanso nawo, koma chigubu sindinachichotse.

Inali itatha milungu iwiri yokha pamene azakhali anaimba, Lachiwiri lija, 8 koloko m'mawa. Anati, "Amayi ako usiku sanagone. Ubwere lero, mawa usadzatinene." Ndinalowa mu ofesi ya bwana chipewa chili m'manja. Apa ndisaname, bwana anachita zaumunthu. Anati, "Basi ikuchedwetsa. Tenga yatsopanoyi, yagona pa chaja. Komanso tidziwe ngati 400 ija ndi yoona."

Kumudzi ndi makilomita 290. Ponyamuka, kagalasi ka kutsogolo kamene kamaonetsa mtunda wotsala kanalemba 350. Ndinati zakwana, zotsala zilipo. Ndiye inu munaimba ndili panjira. Munati, "Thamangani achimwene, mukandigwirire dzanja lawo." Sindikuti mlandu ndi wanu, ayi. Mayi, pamenepo mulembe bwino, asamve molakwika. Ndikungonena kuti ndinaponda. Ndipo galimoto imeneyi ukaponda siilira, imangouluka mwakachetechete ngati mzimu. Kunali dzuwa, denga lagalasi lija likundiwotcha pamutu, ndinayatsa mphepo yozizira. Sindinadziwe kuti liwiro ndi mphepoyo zikudya moto ngati chiswe. Ndikayenda khumi, nambala ikutsika khumi ndi zisanu.

Pakati pa ulendo pali malo omwetsera mafuta amene ali ndi chaja imodzi yokha mumsewu wonsewo. Ndinafika pamenepo kagalasi kakuti 130, pomwe msewu wotsala unali 145. Pa chajapo panali galimoto ina, mwini wake ali m'kati kudya. Wothira mafuta anati, "Ameneyu mpatseni mphindi 40, kenako inu ola limodzi." Ndinaima, ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana msewu.

Tsono mumve m'mene mutu wa dalaivala umaganizira. Galimoto ya petulo ikayatsa kanyali koti mafuta atha, imanama. Pansi pa thanki pamakhala potsalira, ine ndayendapo makilomita 50 kanyali kali ngwee. Ndinati nayonso iyi anaipanga ndi anthu omwewo, sangalephere kubisa kenakake pansi. Chachiwiri, kutsogolo kuli mtsetse waukulu uja wokhotakhota, ndipo dalaivala aliyense amadziwa kuti pamtsetse umachotsa giya, ife timati kuika fili, galimoto imatsika yokha osadya kanthu. Ndapulumuka nazo kambirimbiri pa ntchito yanga. Ndinati 15 yoperewerayo ndiipeza pamenepo. Ndinanyamuka osatchaja.

Mphepo yozizira ndinazimitsa. Pamtsetse ndinaika fili kuyambira pamwamba mpaka pansi, phazi lili pa buleki, ndikudziyamikira mumtima kuti ukatswiri sagula. Koma kuseri kwake kuli zitunda zija. Nambala inayamba kugwa ngati masamba. Kenako pagalasi panabwera kachithunzi ka fulu, inde fulu, ndipo galimoto inayamba kuyendadi ngati fulu. Inalemba ziro. Ndinati tsopano tione chobisika chija. Inakwawa pang'ono, n'kuima pa mlatho wachitsulo uja tinkawoloka popita kuchipatala tili ana. Panalibe chobisika, achemwali. Imeneyi siinama. Panatsala makilomita naini, nthawi ili 1 koloko itangopitirira.

Mlamu wanu akudziwa mpaka pamenepa. Zimene ndinachita pa mlathopo nawonso akuzimva lero. Lembani, mayi.

Pasanathe mphindi zisanu panaima munthu wa njinga yamoto. Anati, "Madala, mwatani? Tiyeni ndikakusiyeni." Ndinakana. Eee, ndinakana. Amene anandiphunzitsa ntchito anandiuza tsiku loyamba kuti dalaivala sasiya galimoto pamsewu, ngakhale kugwe chiyani, ndipo zaka zonsezi sindinaisiyepo. Nanga iyi, ya milungu iwiri, imene bwana anaidikira miyezi isanu ndi iwiri? Anthu anali atayamba kale kuunjikana, kuigwiragwira, kusuzumira padenga. Ndinaimbira bwana, foni yozimitsa, ali pamsonkhano. Ndinaimbira ogulitsa aja, anati lole yodzainyamula ifika madzulo, musaisiye yokha. Ndinadziuza kuti amayi ndi olimba, akhala akudwala miyezi itatu, sangalephere ola limodzi. Ndinaima pamenepo ngati mlonda, kumakalipira anthu kuti asaipake zala. Ola ndi theka, achemwali. Makilomita naini ndikanayenda ndi miyendo yanga yomweyi n'kufika.

Bwana atayatsa foni anaimba. "Wafika?" Ndinalongosola. Anakuwa, sindinawamvepo akukuwa chotero. "Ukulondera chitsulo? Iwe, mutu wako ukuyenda? Isiye, thamanga!" Wa njinga uja anali atabwerera, ali m'gulu la oonerera. Anati mafuta amuthera. Ndinatsegula buti n'kumupatsa chigubu chija. Ndiyo ntchito yokhayo chinagwira.

Kulira ndinakumva tisanakhote pa chigayo. Amayi anali atatsirizika theka la ola ndisanafike.

Azakhali anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundiuza zonse. Akuti kuyambira masana amayi ankangofunsa, "Adalaivala anga afika?" Paja ndi m'mene ankanditchulira. Galimoto ikadutsa kumsewu ankatukula mutu kumvetsera. Azakhali pofuna kuwakhazika mtima pansi anati, "Akuti wabwera ndi yamagetsi, imeneyo siimveka ikamabwera." Amayi anati, "Ndiye mwina wafika kale, ali panja. Mutsegulireni." Azakhali anatsegula chitseko. Anachisiya chotsegula. Amayi sanalankhulenso.

Amenewo ndiwo mawu awo omaliza. Mutsegulireni.

Ndili chiimire kuseri komweko inu munaimba, mukulira. Munafunsa, "Mwawapeza?" Pakamwa panga panatuluka kuti "Ndawapeza." Munati, "Dzanja munaligwira?" Ndinati ndinaligwira. Munati, "Anati chiyani?" Ndipo ndinapeka mawu aja pomwepo, azakhali akundiyang'ana. Sananditsutse, ndipo mpaka lero sanauze munthu, koma pamaliro ponse mbale ankandipatsa osandiyang'ana kumaso. Mlamu wanu ankadziwa kuti ndinafika mochedwa, za mawu opeka anazidziwa uthenga wanu wa mwala utabwera. Iwo ndi amene anati, "Bambo, bodza la pafoni limauluka ndi mphepo, koma la pamwala adzaliwerenga ndi adzukulu."

Chatsala chimodzi. Mwina n'chosafunika, koma chimandidya, ndiye chituluke.

Nditabwerako kumaliro, Loweruka, ndinapita ndi bwana ku mizati kuja. Onse anandipepesa bwinobwino, mayi aloya mpaka anandigwira paphewa. Kenako nkhani inatembenuka. Bwana anali atalemba kale pa gulu lawo la pafoni kuti galimoto inayenda 281 basi. Anandizungulira.

"Mumathamanga bwanji, madala?"

"Mphepo inali yoyatsa?"

"Matayala anali ndi mpweya wokwanira?"

Mayi aloya anati, "281? Ndiye Lolemba ndikasintha, nditenge batire lalikulu. Yofiira yomweyo."

Ine ndinkayankha monga wantchito, nsanza ili m'manja. Ndiye adokotala anafunsa, "Nanga pamtsetse waukulu paja inakubwezerani angati?"

Ndinati, "Kubweza chiyani, bwana?"

"Moto. Imeneyi ikamatsika ili m'giya imadzitchaja yokha. Ine paja mwezi watha inandibwezera makilomita 20 ndi kanthu. Sanakuuzeni?"

Ndinati, "Ndinaika fili."

Bwana anayang'ana m'kapu mwawo. Ndikuganiza kuti adokotala nawonso anachotsera makilomita naini aja pa 20. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi koma samu imeneyo ndinaikhoza msanga kuposa onse. Ndinagwada n'kuyamba kupukuta tayala loyera kale.

Pobwerera bwana anati, "Tsiku lija wogulitsa uja akulongosola, ndikanakuitana." Ndinati, "Ine ndikanafunsa, bwana." Ntchito ndikugwirabe, galimoto ndi yomweyo. Pano ndaidziwa bwino, ndikhoza kuphunzitsa ena. Pamtsetse uliwonse ndimaona nambala ikukwera yokha, ndipo ndimayang'ana kumbali.

Tsono achemwali, pempho langa ndi ili. Inu ndinu wamkulu, za mwala gamulani ndinu. Mukati tilembe dzina ndi masiku okha, ndichita. Mukati tilembe mawu awo enieni aja, ndichita, ngakhale aliyense wodutsa adzafunse kuti ankatsegulira ndani, ndipo ndidzayankha ndine. Koma aja ndinapeka ine, chonde, asapite pamwala. Mwina amayi akanawanenadi, poti inu munawasunga, mankhwala onse aja ankachokera kwa inu. Koma sanawanene, ndipo dzanja lawo lija sindinakakugwirireni.

Mukafuna kundikalipira imbani, ndiyankha, sindikambanso za mvula. Mukapanda kuimba ndimvanso. Mmisiri ndamuuza kuti sindimuyankha mpaka mutalankhula inu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti jekete lija likundikwana. Moni kwa ana onse awiri, wamkuluyo alimbikire mayeso. Ana kuno akuti moni kwa azakhali awo. Mlamu wanu akuti moni, akuti mukhululuke pamene inki yafalikira. Azakhali kumudzi ndikudziwa kuti akanati moni.

Apa ndi pamene kale ndinkamalizira kuti amayi akupereka moni. Mayi, siyani mzere umodzi wopanda kanthu. Eya, choncho.

 

Ndine mlongo wanu,
uja anaima pa mlatho.