Chala cha kuchigayo

Lolemba, 9 Juni

Bambo sanayankhenso foni. Ndaimba m'mawa, ndaimba masana, zii. Ndinasiya kasitomala mutu uli thovu lokhalokha, kuthamangira kwawo mtima uli m'mwamba. Kuwapeza ali phee pakhonde, wailesi pamwendo, foni pambali. Akuti anaimva ikulira, anaidina, koma inakana.

Achimwene anena kale: chigwereni bambo m'bafa mwezi watha, sangakhale okha ngati sakupezeka pafoni. Mwezi uno ukatha zili chonchi, adzawatenga kukakhala kwawo. Foniyo anagula ndi achimwene omwewo, yagalasi lokhalokha. Bambo akuti m'nyumba imene anakhala ndi malemu mayi adzatulukamo atanyamulidwa. Ine pakati.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinakhala nawo pafupi n'kuwaimbira ndili pompo, kuti ndione chimene chala chawo chimachita. Ndaona. Zaka zonse zija ali kuchigayo, batani loyatsira makina ankalikanikiza ndi mphamvu, osalisiya mpaka injini italira. Ndi mmene akuchitira ndi foni. Kachizindikiro kobiriwira akukapsinja ngati akupha nsikidzi, kenako kudikira. Pomwe iko kamafuna kukokedwa m'mwamba. Munthu adziwa bwanji? Palibe pamene alemba. Kamuvi kolozera kang'onong'ono, kotuwa, kongophethira.

Akafuna kuimba ndiye zina. Akakanikiza nthawi yaitali, tizithunzi tonse timayamba kunjenjemera, kena n'kusamuka. Koimbira ndakapeza patsamba lina kutali, katabisala kuseri kwa wotchi. Bambo akuti, "Timathawa tokha timeneti."

Ndinayesa kuwaphunzitsa kungokhudza. Chala chawo chouma gwaa, galasi osachimva n'komwe. Akakhudza pang'ono, palibe chochitika. Akakanikiza, zonse balala. Ndinapsa mtima, koma osati ndi iwo. Amene anapanga chinthuchi sanagwirepo dzanja la munthu wokalamba.

Lachisanu, 13 Juni

Achimwene aimba. Alamu akonza kale chipinda, matiresi atsopano. Ndi anthu abwino, sindikuwanena. Koma nyumba yawo ndi yam'mwamba, masitepe okhaokha, ndipo bambo sadziwa aliyense kumeneko. Akangokhala ngati katundu. Kuno m'mawa uliwonse amakangana za mpira ndi atelala oyandikana nawo, wina uku wina uko kwa mpanda.

Chakudya sichinalowe lero.

Lachiwiri, 17 Juni

Nthawi yopuma masana ndinatenga foni ya bambo kupita nayo kwa mayi wokonza mafoni, pafupi ndi saluni yathu. Nditamufotokozera za chigayo anaseka mpaka kugwira tebulo. "Si oyamba awa, achemwali. Agogo anga amayamba anyambita chala."

Kenako analowa m'kati mwa foni, tsegula apa, tsegula apo, ine mutu kuzungulira. Anapeza posinthira kuti batani la m'mbali, lokwezera mawu lija, likhale loyankhira. Batani lenileni, loti ukadina chala chimamva kuti chadina. Anaiuzanso foniyo kuti izidikirako isanaganize kuti munthu akufuna kusamutsa tizithunzi. Patsamba loyamba anangosiya nkhope ziwiri zikuluzikulu, yanga ndi ya achimwene.

Kani zonsezi zinalimo kale! Zothandiza okalamba anazibisa kumene wokalamba sangafike. Ngakhale ine, wa maso abwinobwino, sindikanazipeza.

Lachitatu, 18 Juni

Ayankha! Kungolira kamodzi, ndamva "Halo, ndani?" ngati nkhope yanga sinadzaze galasi lonse. Ndinakalirira kosungira matawulo, anzanga kumayesa kwagwa zovuta. Mtima pansi. Mapewa anga apepuka, sindimadziwa kuti anali olemera chonchi.

Lamlungu, 22 Juni

Achimwene anabwera kudzaona okha. Sakhulupirira za kumva amene aja. Anatuluka panja, kuimba. Bambo kuyankha. Anapita mpaka kumsewu, kuimbanso. Kuyankha. Atayesanso ali kuseri kwa nyumba, bambo anati, "Iwe, ngati uli ndi mawu lowa m'nyumba, ndili pompano."

Achimwene anaseka, koma maso ali ofiira. Apa m'pamene ndinaona kuti sinali nkhanza, nawonso ankangoopa ngati ine. Za kusamuka zatha, bola foni iziyankhidwa. Matiresi aja azigonera alendo. Atelala anamva zonse ali kumpanda, n'kukuwa kuti bambo akanasamuka, iwo akanasowa woti azimugonjetsa pa mkangano.

Lachinayi, 26 Juni

Zatembenuka. Bambo adziwa kudina nkhope yanga. Kuimba kuti wailesi yanena za mvula. Kuimba kuti timu ya atelala yagonja, ndimve mmene kwachitira zii kuseri kwa mpanda. Sindikudandaula, mawu awo ndimawafuna.

Koma lero aimba ndili pakati potsuka tsitsi la kasitomala, manja ali chonyowa. Ndinakoka kobiriwira kaja, osatheka. Kupukuta pa epuloni, kukokanso, galasi osandimva. Ndinangozindikira ndikukanikiza ndi mphamvu zanga zonse, mwana wa kuchigayo weniweni. Inaduka.

Pamene ndimawaimbira n'kuti atadina kale nkhope inayo. Achimwene andiuza akuseka mpaka kutsamwa. Akuti bambo anati, "Mlongo wakoyu sakuyankha foni. Sangakhale yekha ameneyu. Umutenge akagone pa matiresi aja."

Mawa yanganso ndipita nayo kwa mayi uja. Ndi iyo yayambanso kulira, nkhope ya bambo, ndipo manja angawa ndangodzola kumene mafuta