Mbendera Ndinaizula Iwo Akuona

Aphungu,

Ndikulengeza kwa onse okhala m'chigwa cha Barossa, ndi nkhosa zomwe, kuti Loweruka lapitali ine ndinatsitsa mbendera. Osati ya dziko ayi, koma kansalu kofiira kaja ka pageti, kouza anthu kuti chipinda cholawira vinyo n'chotsegula.

Mwambo wa pamunda pathu ndi wakale: mbendera ikakhala m'mwamba, aliyense wolowa amalawa mitundu yonse, kuyambira woyera mpaka wofiira, popanda womufulumizitsa. Timatseka 5 koloko, koma wofika nthawi itangotsala pang'ono amatha ola lathunthu akununkhiza tambula ngati galu wa apolisi.

Tsikulo nditatsuka matambula n'kutaya za m'ndowa yolavulira, ndinangoona fumbi pakati pa mizere ya mphesa. Anali a Warwick, dokotala wa mano wa ku Adelaide, amene amatigula makatoni ambiri kuposa wina aliyense. Ndinathamangira kugeti n'kuizula mbendera iwo akuona.

Anatsitsa galasi la galimoto. "Iwe mtsikana, wotchi yako ikuthamangira kuti?"

Mtsikana wake ndine, imvi zili mbuu.

"Komwe akuthamangira mwini wake, adokotala. Mawa tilipo."

"Ukundidziwa kuti ndine ndani?"

"Kwambiri. Ndinu aja mumati vinyo wathu akununkha chikopa, kenako n'kupempha kuti tikuonjezereni."

Chimene ndinkathamangira ndi ichi. Bambo anga ali kunyumba yosamalira okalamba, akudwala matenda oiwala. Dzuwa likadalipo amandizindikira, amanditchula dzina, amafunsa ngati tayamba kudulira mphesa. Kukangoyamba kuda ndimasanduka mlendo, ndipo nyengo yozizira ino dzuwa silichedwa kulowa.

Tsopano mwini munda, mayi Noelene, akuti ndiwaimbire a Warwick kupepesa, apo ayi ndibweze makiyi, ntchito ithere pompo. "Pano sitimutsitsira mlendo mbendera kumaso," akutero. Za bambo sindinawauze, sindifuna kumveredwa chisoni. Kupepesanso sindipepesa. Ndikulakwa?

R.K., Angaston

Mayi R.K.,

Ndayamba ndaimirira kupereka ulemu kwa mbendera yagwayo. Mtima ukhale pansi: palibe dokotala wa mano amene anafapo ndi ludzu pakati pa Angaston ndi Adelaide. Ndipo tadzayesani kufika kuchipatala chawo akutseka, dzino likukuwawani, muone ngati angakuuzeni kuti yasamulani.

Pa kutseka, musapepese. Ulemu si katundu wosenza wotsanulira yekha. Wofika anthu akutsuka matambula amayenera kufunsa kaye kuti, "Kodi ndachedwa?" Oleredwa bwino amatero, amagula botolo n'kumapita.

Koma mawu a chikopa aja, ngakhale ndaseka mpaka tiyi kutayikira pa kalata yanu, anali oonjezera. Okhawo abwezeni. Aimbireni a Warwick, nenani kuti pakamwa panathamanga, muwaitane adzabwere masana adzanunkhize mpaka mphuno itope. Za mbendera musatchule n'komwe.

Kenako kakhaleni pansi ndi mayi Noelene muwauze za bambo. Kumeneko si kupempha chisoni, n'kuwauza zoona. Panopa akuganiza kuti munathamangira kukaonera mpira, ndipo amene mukuwabisira nkhaniyi ndi omwe ali eni ake a makiyiwo. Apempheni chimodzi: m'miyezi yozizira mbendera izitsika msanga, kuti wolawa womaliza azimaliza nthawi yotseka isanakwane. Akati sizingatheke chifukwa a Warwick ndi ofunika, akumbutseni mwaulemu kuti nawonso manja ali nawo, ndipo botolo silisankha wotsanula.

Chenjezo langa: musadzaizulenso mbendera galimoto ili pageti. Mwambowo ndi umene umadyetsa munda, ndi inu nomwe. Izitsika fumbi lisanaoneke.

Ndikanakonda kumalizira pa nthabwala, koma ndisakunamizeni. Mayi Noelene akhoza kumvetsera zonsezi, n'kugwedeza mutu, n'kutambasulabe dzanja kuti mupereke makiyi. Ntchito zotsanulira vinyo sizipezeka wamba nyengo ino. Zikatero, bambo anuwo sadzadziwa kuti ntchitoyo munaitayira iwo, ndipo mukawauza, pofika mawa adzakhala ataiwala.

Loweruka likubwerali pitanibe kwa bambo, dzuwa likadalipo.

Phungu wanu