Zaka Ziwiri za Melody

Kabwe,
3 Novembala 2025

Achimwene a Simeoni,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu kumeneko ku Pembamoyo. Kodi mwendo uja unaphwa? Ine ndilipo, kungoti BP inakwera kawiri mwezi wathawu.

Nkhani ndi ya mwana wanu Melody ndi maphunziro ake a udokotala wa za nthaka kunja. Anandiuza kuti mukufuna kugulitsa ng'ombe zanu zinayi. Chonde musatero. Ndawerengetsa, sizingamusunge kumeneko ngakhale miyezi itatu, ndipo inu mudzalima ndi chiyani?

Njira zilipo zina. Mayunivesite ena amalipira wophunzira akamathandiza kuphunzitsa, kwina amapereka theka la fizi, pomwe maboma ndi mabungwe ena amalipira zonse. Ngongole ndinamuletsa. Melody analemba makalata khumi ndi imodzi opempha thandizo kumalo amenewa. Asanu ndi awiri anakana, atatu ali chete, bungwe limodzi lamuyankha bwino. Bungwe limeneli lilipira fizi, ndege, nyumba ndi chakudya kwa zaka zinayi, koma silitenga munthu wopitirira zaka 35.

Apa ndiye pali vuto. Chitupa chake chimati anabadwa mu 1989, kutanthauza zaka 36. Ine ndikudziwa kuti anabadwa pa 9 Julayi 1991, chifukwa ndinali pomwepo ku kiliniki ndipo ndinalemba. Mukukumbukira kuti chaka cha chilala chija, 2005, munamuwonjezera zaka ziwiri kuti atenge chitupa msanga, dzina lake lilowe ku kopaletivu mulandire feteleza wina.

Melody sanafune kuti ndikuuzeni. Anati atate achita manyazi, kuli bwino mwayiwo upite. Anangonena kuti, “Azakhali, ndingawaimike bwanji atate pamaso pa anthu?” Masiku atatu sanadye bwino.

Ndapita ku ofesi ya zitupa kawiri. Anandiuza kuti zitha kukonzedwa pakakhala khadi lake la sikelo, kalata ya ubatizo, ndi kholo lolumbira kuti chaka chenicheni ndi chiti. Pempho langa ndi limeneli: mutenge mapepala awiriwo, mupite ku boma ku Chadiza mukalumbire, kenako muwatumize pa basi ya ku Chipata. Bungwelo litseka kulandira mapepala pa 28 Novembala. Kuchokera lero ndi masiku 25, ogwira ntchito ndi 19 okha.

Ndikudziwa kuti ndi zolemetsa kwa mkulu wa mpingo ngati inu kukanena kuti munanama. Koma munali ndi ana asanu ndi mmodzi ndi nkhokwe yopanda kanthu. Chimanga cha feteleza ameneyo inenso ndinadya nawo, matumba awiri munanditumizira. Akakufunsani, munene kuti mlongo wanu mphunzitsi ankadziwa ndipo anakhala chete zaka makumi awiri. Manyaziwo tigawane.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a Yoweli, ndi kwa adzukulu onse asanu ndi atatu.

Ndine mlongo wanu,
Elinata Mbewe