Bulauzi ya Apongozi ndi Waya Waminga

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi chimwemwe ndi mantha zitandigwira limodzi. Ndiyambe ndi chimwemwecho, chifukwa chandidzaza mpaka pakhosi. Lamulungu loyamba la Ogasiti ndikuvekedwa yunifomu ya Mvano! Ine yemweyu, amene ndinayamba kalasi ndisakudziwa kumene buku la Habakuku limapezeka. Maphunziro ndamaliza, dzina langa analiwerenga m'tchalitchi, ndipo pobwerera kunyumba ndinaimba njira yonse ngati woledzera.

Koma chachikulu si chimenecho ayi. Ine kwathu ndi kwa Chifunga, kuno ku Magaleta ndinabwera ku chitengwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo apongozi anga aakazi sanandikondepo. Iwo pautsikana wawo ankachapa zovala kwa azungu a ku mishoni, ndiye munthu amamuweruza poona zochapa zake. Mwezi wanga woyamba pabanja ndinachapa malaya oyera a amuna anga, a Lameki, n'kuwayanika. Apongozi anafika, anawayang'ana kuno ndi kuno, anawachotsa pachingwe, n'kupita nawo kumtsinje kukawachapanso anthu akuona. Pobwera anangoti, "Manja ena ndi a khasu basi." Mawu amenewo andikhala pamtima zaka zonsezi. Dzina langa sankalitchula n'komwe, ndinali "uja wa kwa Chifunga."

Ndiye sabata yatha anandiitanitsa. Ndinapita ndikuyesa kuti mbuzi zathu zawadyeranso nandolo. Ndinawapeza atatsegula sutikesi yawo, atayala pamphasa bulauzi yawo ya Mvano, imene anavekedwa nayo dziko lino lisanalandire ufulu. Yoyera mbee, Aphungu, yopanda ngakhale kadontho, mabatani ake osokerera ndi manja awo. Anati, "Make Jimu, ine maondo akana, kutchalitchi ndikufika mwa apo ndi apo. Iyi muvale ndinu. Tsikulo ndidzakuvekani ndekha." Make Jimu! Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, misozi n'kungobwera yokha. Ndinathamangira kudimba kukauza amuna anga, iwo n'kutaya khasu poyesa kuti nyumba yapsa.

Tsono apa ndi pamene ndinadziputira tsoka. Bulauziyo inali ndi kafungo ka m'sutikesi, ndipo ndinati ndiichape kuti apongozi aone kuti manja a khasu nawonso amatha. Ndinaichapa payokha, ndi sopo watsopano, ndi madzi a pachitsime osati a kumtsinje. Ndinamvapo kuti chovala choyera chimawala chikalandira mame. Paudzu ndinaopa nkhuku ndi katondo wathu wofiirayu. Pachingwe cha pabwalo ndinaopa kuti apongozi aiona ndisanamalize. Ndiye ndinakaiyanika kuseri, pa waya waminga wotchinga dimba lathu. Tsikulo kunachita chiperoni, nkhungu ndi kamvula kowaza tsiku lonse, bulauzi osauma, ine n'kuisiya pomwepo mpaka mawa lake. Pokaichotsa, mayo ine! Kumsana, kuchokera phewa ili kukafika phewa ilo, madontho a dzimbiri ali ndanda, asanu ndi limodzi.

Ndinachapanso, osachoka. Ndinathira buluu wambiri kuti abisike, koma madonthowo akadali pomwepo, ndipo pano bulauzi yachita mizeremizere ya buluu. Ndaikulunga m'chitenje n'kuiika pansi pa zovala za ana, ndipo ngakhale amuna anga sakudziwa.

Mnzanga Callista akuti ndikwere basi, khadi la chipani m'thumba, ndipite ku Mwanza kukagula jiki ndidzaiviikemo. Akutinso zikakanika, a Zefaniya atelala pamsika akhoza kusoka ina yofanana ndendende, tisamutsirepo mabatani, poti apongozi maso ayamba kuvuta sangadziwe. Ndisaname, maganizo achiwiriwa akundikoka kwambiri.

Dzulo apongozi anandifunsa, "Kodi yakukwanani?" Ndinati, "Ngati anachita kuyeza ine, amayi." Iwo anaseka. Aphungu, kuseka ndi ine! Zaka zisanu ndi ziwiri ndadikira kuseka kumeneko, ndipo sindikufuna kuti waya andilande. Ndithandizeni msanga chonde.

D.L., Magaleta, Neno

Mayi D.L.,

Choyamba landirani nthungululu yanga! Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo pofika pa "Make Jimu" paja inenso ndinaomba m'manja ndekhandekha muofesi. Tsono pukutani misozi, bulauziyo sinawonongeke. Dzimbiri limachoka, ndipo mankhwala ake kwanu ku Neno akugwa okha m'mitengo mwezi uno.

Ulendo wa ku Mwanza ulekeni. Jiki sachotsa dzimbiri. Mukathira, madonthowo adzada n'kukhazikika, ndipo nsalu yakale ngati imeneyo ikhoza kudyeka. Simbi nayonso isayandikire kufikira dontho lomaliza litachoka, chifukwa kutentha kumakhomerera banga m'nsalu.

Thyolani mandimu akupsa bwino, anayi kapena asanu. Afinyireni m'kapu yopanda dzimbiri, musefe njere, muthiremo mchere wopera mpaka zikhale ngati phala. Yambani mwayesa pa mpendero wa mkati, pamene munthu sangaone. Mukaona kuti nsalu ili bwinobwino, nyowetsani malo a madonthowo, mupake phalalo, muyale bulauziyo padzuwa pamwamba pa nsalu ina yoyera. Dikirani tsiku la dzuwa lenileni, chiperoni sichikhalitsa. Mukhale pomwepo kuingitsa nkhuku zanu zija, ndipo pakayamba kuuma muzidonthezaponso madzi a mandimu. Pakatha ola limodzi tsukuluzani ndi madzi ambiri, muyang'ane. Mwina mudzabwereza katatu kapena kanayi, musataye mtima. Dzuwa likakanitsitsa, gwirani malo opakawo pa nthunzi ya ketulo yowira. Osakwecha, osamenya pamwala. Nsaluyo ndi yokalamba, igwireni ngati khanda.

Buluu wochulukayo ndi nkhani yaing'ono. Finyirani mandimu ena awiri m'beseni la madzi ofunda, muviikemo bulauzi yonse kanthawi pang'ono, mizereyo idzasuluka. Kenako chapani ndi sopo, mutsukuluze katatu mpaka fungo la mandimu lithe, pakuti madzi ake akatsalira amadya nsalu.

Ndipo mtsogolo muno buluu muzimusamala. Mmangeni m'kansalu, muvundule m'madzi mpaka madziwo, mukawatunga m'dzanja, azingooneka kabuluu patalipatali. Chovala muchiviike chotambasula n'kuchivuula nthawi yomweyo. Buluu amawalitsa chimene chayera kale, sabisa banga. Yanikani pachingwe cha khonje, ndipo posita yalani kansalu pamwamba kuopa phulusa ndi makala othetheka. Poisunga musasiyemo mapini, nawonso amachita dzimbiri.

Tsono tifike pa atelala. Ayi, mayi. Ayi ndithu. Mnzanuyo amakukondani, koma apa akukukankhirani kuphompho. Taganizirani chimene chinakufikitsani pa waya uja. Chingwe chabwinobwino chinalipo pabwalo, inu n'kuchilambalala chifukwa mumafuna kubisa. Kubisa kwakupwetekani kale kamodzi, ndiye mukufuna kuwonjezerapo? Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Komanso mukundifunsa ine wa kutali kuno, pamene katswiri muli naye pakhomo pomwepo. Mayi amene anachapa zovala za azungu ku mishoni, njira ya mandimu ndi mchere anaidziwa ine ndisanabadwe. Tengani bulauziyo, mandimu ndi mchere, mupite kwa iwo, mugwade, munene zonse monga mwandiuzira ine: kuti mumafuna kuwasangalatsa, mwalakwitsa, akuphunzitseni. Amuna anu muwauze musanapite, asadzamvere kwa mayi awo. Apongozi mwina adzakalipa, ndipo za khasu zija zikhoza kubwereranso. Pirirani, kukalipa kumatha ndi tsiku. Ine ndawaona anthu onyadira ntchito ya manja awo, palibe chimene chimawafewetsa mtima koposa kufunsidwa. Musadzadabwe mukadzaona maondo okana aja akutsogola okha kupita pamtengo wa mandimu.

Chenjezo langa lomaliza mulimvetse. Anakuuzani kuti adzakuvekani okha. Maso awo mwina afooka, koma nsalu imene munthu waichapa ndi kuisita zaka makumi awiri amaidziwa ndi zala. Mukawapatsa yosokedwa pamsika, adzaizindikira pa batani loyamba, patsogolo pa mpingo wonse. Adzamaliza kukumangani mabatani onse, adzabwerera pampando wawo, ndipo sadzasekanso nanu. Pitani nayo mawa m'mawa, madontho akadali pomwepo.

Aphungu